Jakisoni wochepetsa thupi: ndigule kapena ndi kutaya marandi?

Nabanda, Rosettenville: Abale, ndithandizeni nzeru. BP yakwera, mawondo akudandaula, ndiye adokotala atchula za Wegovy, jakisoni wobaya kamodzi pa sabata. Ndi marandi masauzande pamwezi, medical aid ndilibe. Ndigule?

aPhiri, Yeoville: Achemwali, chepetsani pap ndi magwinya, muzitsika taxi patali n'kumayenda. Ndalamazo tumizani kumudzi za feteleza.

Nabanda: Achimwene, mukuyesa sindinayese? Chaka chatha ndinasiya kota (buledi woika tchipisi mkati) ndi shuga wa mu tiyi, ndinatsika ndithu. Koma 2 koloko usiku ndimapezeka ndaima pa fuliji ndikudya mkute wozizira, manyazi ali thoo. Makilo onse anabwerera.

Nangondo, Mayfair: Ine ndine namwino. aPhiri, umenewo si ulesi. Mafuta a m'thupi amatulutsa leptin, homoni youza ubongo kuchuluka kwa mafutawo, imene gulu la Jeffrey Friedman linatulukira mu 1994. Ukaonda leptin imachepa, ubongo n'kuyesa kuti kwagwa chilala: umakoleza njala, thupi n'kuyamba kuumira mphamvu. Ndi zomwe zimawadzutsa usiku mayiwa. Za kumtundu ziliponso, kafukufuku wa mapasa amaonetsa kuti 40 mpaka 70 peresenti ya kusiyana kwa matupi athu ndi yakubadwa nayo. Mankhwala a mu Wegovy, semaglutide, amatsanzira GLP-1 yomwe matumbo amatulutsa pouza ubongo kuti wakhuta.

aPhiri: Nanga agogo athu bwanji sankanenepa? Mtundu ndi womwewo.

Nangondo: Ankalima tsiku lonse, ndiwo zake nkhwani. Mbewu ndi yomweyo, koma Joni ndi dimba lothira manyowa.

Che Jafali, Fordsburg: Komatu mukaonda kwambiri kumudzi azikanong'onezana kuti mukudwala, kkkk.

Nangondo: Asiyeni anong'one. Nabanda, nkhani ili apa. Pa kafukufuku wa 2021 anthu obaya mankhwalawa anatsika pafupifupi 15 peresenti ya makilo awo m'masabata 68. Koma amene anasiya, pomatha chaka magawo awiri mwa atatu a makilowo anali atabwerera. Musawerengere ndalama za mwezi umodzi ayi. Ngati mungakwanitse miyezi itatu yokha, ine ndingati musayambe. Nseru ndi kudzimbidwa nazonso zimavuta poyamba.

Mayi a Tadala, Turffontein: Chonde musagule za m'masaluni! Ine ndinagula wotchipa kwa mayi wina woluka tsitsi, kabotolo kopanda pepala, akukasunga m'chikwama dzuwa lili ng'aa. Ndinasanza masiku atatu, sikelo osasuntha. SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala kuno ku South Africa, inachenjezapo kale za mankhwala achinyengo otere. Weniweni amafuna kalata ya dokotala, mumagula ku famase, ndipo amasungidwa mu fuliji.

Nabanda: Fuliji yakenso timagawana anthu anayi, alandilodi akangokwiya amazimitsa magetsi. Lachinayi ndikawafunsa adokotala mtengo wa chaka chonse, ndione ngati malipiro anga angapirire.

aPhiri: Mukawafunsenso ngati alipo jakisoni wa mimba ya mowa. Ndikufunsira mnzanga.