Ngongole zitatu: ndiziphatikize kapena ndizibweze payokhapayokha?

Tiyamike88:

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ngongole zitatu, ndipo malipiro anga a pamwezi ndi 200,000 atachotsa kale msonkho.

Yoyamba ndi ya kubanki: kwatsala 600,000, chiwongoladzanja 30 peresenti pachaka, ndimabweza 33,550 pamwezi, kwatsala miyezi 24. Yachiwiri ndi ya kukampani yobwereketsa ndalama: kwatsala 200,000, 5 peresenti pamwezi, ndimabweza 25,900, kwatsala miyezi 10. Yachitatu ndi ya katapila, 80,000 pa 15 peresenti pamwezi. Imeneyi ndimangopereka 12,000 ya chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo sisuntha. Zonse pamodzi ndimatulutsa 71,450 mwezi uliwonse.

Banki ina ikuti ingathe kundipatsa 880,000 kuti nditseke zitatu zonsezi, pa 28 peresenti pachaka, miyezi 48, ndizibweza 30,670 pamwezi. Palinso 3 peresenti yokonzera mapepala. Ndivomere kodi? Chikundikoka ndi choti pamwezi ndizitsala ndi kenakake m'thumba.

Bambo a Chisomo:

Achemwali, musanasaine chilichonse, siyani kaye kuyang'ana ndalama ya pamwezi, muwerengere zonse zimene mudzakhale mutatulutsa pofika tsiku lomaliza. Obwereketsa amakonda kutchula ya pamweziyo chifukwa imamveka bwino m'khutu, koma imene imakuuzani zoona ndi inayo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. 30,670 kuchulukitsa ndi 48 ikupereka 1,472,160. Tikachotsapo 880,000 imene mwabwereka, chiwongoladzanja chokha ndi pafupifupi 592,000. Tiwonjezere 26,400 ya mapepala ija, zikukwana 618,000 ndi kena. Imeneyo ndiyo mtengo wa mpumulo umene mukuufunawo, ndipo mukhala womangidwa zaka zinayi.

Nanga mukapanda kuphatikiza? Mukapitiriza kutulutsa 71,450 yomweyo, ndipo ngongole ina ikatha n'kumasamutsira ndalama yake pa inzake, ya kukampani itha mwezi wa 10, ya katapila mwezi wa 13, ya kubanki mwezi wa 18. Chiwongoladzanja chonse chifika cha m'ma 380,000. Ndiye kuti miyezi 48 ija ikukudyerani ndalama zambiri kuposa kukhala mmene mulilimu.

Koma pali njira yachitatu, ndipo ndiyo ndingakulimbikitseni. Tengani ngongole yophatikizayo, koma musatsike pa 30,670. Pitirizani kupereka 71,450 imene mwaizolowera kale. Mukatero mumaliza m'miyezi 15, ndipo chiwongoladzanja pamodzi ndi za mapepala zikhala pafupifupi 196,000. Banki ndi yomweyo, peresenti ndi yomweyo, chasintha ndi nthawi basi, koma kusiyana kwake kukupitirira 400,000.

Chifukwa chake n'chakuti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yotsala mwezi uliwonse. Mwezi woyamba, 28 peresenti pachaka pa 880,000 ndi 20,533. Mukapereka 30,670, imene ikuchepetsa ngongole yeniyeni ndi 10,137 yokha. Mukapereka 71,450, ngongole ikutsika ndi pafupifupi 50,900, ndipo mwezi wotsatira chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yochepa kale.

Ngati 71,450 ikukufinyani zedi (ndi 36 peresenti ya malipiro anu, si zochepa ayi), pemphani miyezi 24. Muzibweza 48,300 pamwezi, ndipo zonse zowonjezera zikhala cha m'ma 306,000. Mpumulo muupeza, komanso mukhalabe mutapulumutsa ndalama poyerekeza ndi panopa.

NaMbewe:

Masamu a Bambo a Chisomo ndikugwirizana nawo, koma onsewo aima pa chinthu chimodzi chimene muyenera kuchiona m'mapepala ndi maso anu: kodi bankiyo imalola kubweza mopitirira popanda chindapusa? Ena amalipiritsa munthu akamaliza ngongole nthawi isanakwane. Ena amalandira ndalama yowonjezerayo koma n'kuisunga ngati malipiro a mwezi wamawa, osaichotsera pa ngongole yeniyeni. Zikatero chiwongoladzanja sichitsika n'komwe, mwangowasungitsa ndalama yanu kwaulere. Afunseni kuti, "Ndikapereka yowonjezera, muichotsera pati, ndipo liti?" Yankho lake likhale lolembedwa. Mwezi woyamba umene mwawonjezera, tengani sitetimenti muone ngati yotsalayo yatsikadi.

Funsaninso mmene akuwerengera 28 peresentiyo. Pali kuwerengera pa ndalama yotsala, pali kuwerengera pa ndalama yonse imene munabwereka kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. Njira yachiwiriyi pa 880,000 kwa zaka zinayi ikanatulutsa chiwongoladzanja cha 985,600, ndipo pamwezi bwenzi mukulipira 38,867. Popeza akutchulirani 30,670, zikuonetsa kuti akuwerengera pa yotsala, zimene zili bwino. Koma mukamayerekeza ndi obwereketsa ena, dziwani kuti 28 ya uyu ndi 28 ya uyo sizifanana nthawi zonse. Funsaninso ngati peresentiyo ndi yokhazikika kapena imatha kukwera pakati pa ulendo, komanso ngati mu 30,670 muja muli kale inshulansi. Mabanki ambiri amafuna inshulansi yoti ngongole idzatsekedwe wobwereka akamwalira, ndipo nthawi zina amaitchula pomaliza penipeni.

Tsono pamene ndikusiyanako pang'ono ndi apa. Sindikuona chifukwa chosamutsira ngongole ya kubanki ija. Kuchoka pa 30 kupita pa 28 peresenti, m'miyezi 15, kukupulumutsirani ndalama pafupifupi 12,000 yokha, pomwe 3 peresenti ya mapepala pa 600,000 ndi 18,000. Zimene zikukupwetekani ndi ziwiri zinazo. 5 peresenti pamwezi ndi 60 pachaka. 15 peresenti pamwezi ndi 180 pachaka, ndipo mutaphonya n'kumaunjikana chiwongoladzanja pamwamba pa chinzake, 80,000 ija pakutha pa chaka ingapitirire 420,000. Bwerekani 280,000 yokha, mapepala ake ndi 8,400. Muziikapo 37,900 imene mumapereka kale pa ziwirizo, itha m'mwezi wa 9. Kenako 71,450 yonse ipite ku ya kubanki, nayo itha cha m'mwezi wa 15. Zowonjezera zonse ndi pafupifupi 191,000. Kusiyana kwake ndi njira ya Bambo a Chisomo n'kochepa, ndikuvomera, ndipo kukhala ndi ngongole imodzi yokha kuli ndi ubwino wake woti suiwala tsiku. Koma ngati banki yanu yakale ili ndi chindapusa cha kutseka msanga, muwerengerenso njira ziwiri zonsezi chindapusacho chili momwemo.

Chikole musavomere. Ngongole zanu zitatuzi, mmene mwafotokozera, sizinamangidwe pa katundu aliyense. Wina akakuuzani kuti atsitsa peresenti mukaikapo nyumba, malo kapena galimoto, dziwani kuti mukadzalephera kubweza mudzataya chinthu chimene lero palibe angachikhudze. Chimodzimodzinso kusainitsa m'bale wanu kuti akuimireni: inu mukalephera, amene adzam'gwire ndi iyeyo.

Tiyamike88:

Zikomo kwambiri nonse. Za kuwerengera ndalama yonse sindinaziganizire. Ndikavomera, kodi ndalamayo ndiilandire ine n'kukalipira ndekha, kapena zimayenda bwanji?

Achimwene J:

Ngati n'kotheka, isadutse m'manja mwanu, achemwali. Si kuti ndikukukayikirani, koma ndalama yambiri ikalowa mu akaunti, mavuto onse amene anali chete amadzuka tsiku lomwelo, ndipo anthu ambiri amatseka ngongole ziwiri n'kusiya yachitatu. Mapeto ake amakhala ndi yatsopano pamodzi ndi yakale.

Yambani ndi kupempha kwa aliyense amene muli naye ngongole kalata yonena ndalama yotsekera ngongoleyo pa tsiku lakutilakuti. Musadalire nambala ya pa sitetimenti yapitayi, chifukwa chiwongoladzanja chimayenda tsiku ndi tsiku, ndipo kalata yotereyi imakhala ndi tsiku lothera. Kalatazo mupite nazo kubanki yatsopano, muipemphe kuti ilipire yokha mwachindunji. Onetsetsani ngati 3 peresenti ija akuichotsa pa ndalama imene akukupatsani. Akaichotsa pa 280,000, mulandira 271,600, ndiye kuti pakhala popelewera 8,400 pamene muyenera kukonzekeratu. Kangongole kakang'ono kotsalira koteroko n'koopsa, chifukwa kamabala zindapusa inu mukuganiza kuti munamaliza.

Akalandira ndalama, tengani kalata ina yotsimikizira kuti ngongole yatha. Kenako imitsani lamulo lochotsera ndalama ku akaunti kapena ku malipiro anu, poti kawirikawiri silidziimitsa lokha ndipo kubwezeredwa ndalama yochotsedwa molakwika kumatenga nthawi. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, onani kumabungwe osunga mbiri ya angongole ngati alemba kuti munatseka. Wa katapila naye, ngakhale sagwiritsa ntchito mapepala, m'lipireni pali mboni, asainire kuti walandira zonse, ndipo akubwezereni chilichonse chimene anasunga, kaya ndi khadi, kaya ndi chiphaso.

Tsiku lobweza ngongole yatsopano liikeni tsiku limodzi kapena awiri malipiro atalowa, ndipo yowonjezera ija izichoka tsiku lomwelo. Mukati muyembekeze kuona zotsala kumapeto kwa mwezi, simudzazipeza.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri si masamu ayi, ndi kubwerekanso. Mukangotseka ya kukampani ija, adzayamba kukutumizirani mauthenga oti mwayenerera ina yokulirapo, poti tsopano ndinu kasitomala wabwino. Akanireni. Ndipo dzifunseni kuti 80,000 ija inabwera bwanji. Ngati linali vuto ladzidzidzi, lidzabweranso lina, ndiye ngakhale pamene mukubweza ngongole, muzipatula kenakake, kaya 5,000 pamwezi, mu akaunti ina. Zichedwetsa kumaliza ndi mwezi umodzi kapena iwiri, koma kuchedwa pa 28 peresenti pachaka n'kopepuka kusiyana ndi kubwerera ku 15 peresenti pamwezi. Ngati inabwera chifukwa malipiro sakukwana mwezi ndi mwezi, kuphatikiza pakokha sikuthetsa kanthu. Lembani zonse zimene mumagula kwa mwezi wathunthu, muone pamene pakudontha musanatenge ngongole ina.

NaMbewe:

Ndiwonjezere ziwiri. Mukadzaona kuti mwezi wina simukwanitsa, pitani kwa obwereketsa tsiku lisanafike, musadikire kuti akuimbireni. Ambiri amavomera kusintha tsiku kapena kukonzanso ndondomeko kwa munthu amene sanaphonyepo. Mukaphonya kale, ndalama imene mwapereka nthawi zambiri imayamba yalipira zindapusa, kenako chiwongoladzanja, yotsala ndiyo imakhudza ngongole yeniyeni. N'chifukwa chake munthu amalipira miyezi ingapo koma osaona kusintha.

Chinanso, chenjerani ndi aliyense wolonjeza kukufafanizirani ngongole kapena kukupezerani yatsopano mutayamba mwam'tumizira ndalama. Wobwereketsa wovomerezeka amakhala ndi chilolezo chochokera ku boma kapena ku banki yaikulu ya dziko lanu, ndipo ndalama ya mapepala imalembedwa m'mgwirizano umene mwauwerenga. Pemphani kope la mgwirizanowo mupite nalo kunyumba, mukaliwerenge modekha, mudzasaine tsiku lina.