Galu ayi, nkhumba inde: malire amaika ndani?

Nachisale:
Abale, ndithandizeni nzeru. Dzulo tinakangana ndi mlongo wanga mpaka usiku. Mu Januwale 2024 aphungu a ku South Korea anavomereza lamulo loletsa kuweta ndi kupha agalu kuti adyedwe, ndipo zilango ziyamba mu 2027. Ine ndinakondwera kwambiri. Ndili ndi galu amene ndinamulera ali kamwana, amandichingamira pageti tsiku lililonse, moti ndikaganiza za agalu otsekeredwa m'zitsulo mtima umandiwawa. Koma mlongo wangayo anangondifunsa kuti, "Nanga nkhumba udadya ija sinalire pophedwa?" Ndinasowa chonena. Kwa Ahindu ambiri a ku India, ife odya ng'ombe ndiye ankhanza. Tsono olondola ndani?

Bambo a Tadala:
Anachisale, mlongo wanuyo wakhudza pachilonda. Chimene chimandinyansa ine n'choti anthu akutali azibwera kudzaloza chala miyambo ya eni ake. Ku Tamil Nadu, chigawo cha kumwera kwa India, kuli masewera ogwira ng'ombe yamphongo otchedwa Jallikattu. Khoti lalikulu la India linawaletsa mu 2014, bungwe lomenyera ufulu wa nyama la PETA likuombera m'manja. Mu Januwale 2017 anthu miyandamiyanda anadzaza gombe la Marina ku Chennai, likulu la Tamil Nadu, ena akufuula kuti PETA ichoke, mpaka boma lakumeneko linakonza lamulo lowalolanso. Munthu ukamunyozera makolo ake samvanso zimene ukunena.

Nangozo:
Bambo a Tadala, ndikumva, koma mwambo suchotsa ululu. Ng'ombe yolasidwa m'bwalo pa masewera olimbana ndi ng'ombe ku Spain imakha magazi chimodzimodzi, kaya anthu akutcha zimenezo chikhalidwe. Ndipo si alendo okha amene amadandaula. Mu 2010 aphungu a ku Catalonia, chigawo cha Spain, eni ake ndiwo analetsa masewerawo, ngakhale khoti la Spain linadzathetsa chiletsocho mu 2016. Ku Korea nakonso ndi Akorea, makamaka achinyamata oweta agalu m'nyumba, amene anasiya kudya nyamayo. Ine funso langa silikhala loti ndi nyama yanji. Ndimafunsa kuti inakhala bwanji, inafa bwanji. Nkhuku yokhala moyo wake wonse m'kakhola kosatheka kutambasula mapiko imandimvetsa chisoni ngati galu yemweyo.

Nachisale:
Anangozo, za nkhukuzo zandilasa. Ndakhala ndikugula mazira zaka zonsezi osafunsapo kuti nkhuku zake zimagona motani. Mlongo wanga akubwera Loweruka, ndimuwerengera zonsezi.