Za mapu a mpweya aja, ndapeza chimene chikuchitika

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake mapu a PurpleAir, a pa intaneti oonetsa kuipa kwa mpweya, amaonetsa dera lathu lofiira (mpweya woipa) pomwe madera oyandikana nafe ali obiriwira (mpweya wabwino). Zikomo inu amene munati ndidine pakadontho kofiirako pamapupo. Nditadina ndinaona kuti kufiira konseko kukuchokera pa kachipangizo kamodzi koyeza mpweya, ndipo manambala amakwera m'mawa ndi madzulo, magalimoto akachuluka pamsewu. Chinyezinso chimakweza manambala pa tizipangizo timeneti, ndiye ndinasankha njira yowongolera manambala ya US EPA, bungwe la boma la America loona za chilengedwe, ndipo anatsikako.

Komabe mtima sunakhale pansi. Masiku ena PM2.5 (tinthu ting'onoting'ono kwambiri ta utsi ndi fumbi mumpweya) ikupitirirabe mamaikrogalamu 15 pa kiyubiki mita, malire a maola 24 amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mu 2021. Mwana wanga ali ndi mphumu, moti tsopano mawindo a kumsewu ndimatseka dzuwa lisanalowe.