Za mlatho wa bokosi uja

Wapampando: Akuluakulu mwaswera bwanji. Pulani ya mlatho ija yafika, akuti ukhala wa konkire koma mkati mwa mphako ngati bokosi, komanso sipakhala chipilala pakati pa mtsinje. Tikambirane tisanapite kumsonkhano wa Loweruka.

Amayi a ku Joni: Mphako?? Mlatho wodutsa lole ya fodya ukhale ndi mphako, abale inu akufuna kuba simenti awa kkkk

Injiniya wathu: Ayi mayi si kuba. Nsungwi ili ndi mphako koma yesani kuipinda muone. Konkire imapirira ukaipanikiza koma ukaikoka imang'aluka, nde amadutsitsa mawaya achitsulo m'mapaipi mkati mwake, konkire ikauma amawakoka ndi jeke mwamphamvu n'kuwamanga kumapeto, mlatho wonse umakhala wofinyidwa ngati mtolo wa nkhuni womangidwa bwino. N'chifukwa chake umatha kudumpha mtsinje opanda chipilala. Wa Kazungula uja anautsegula 2021, mamita 923, nawonso pansi pake ndi bokosi lomweli ngakhale uli ndi zingwe pamwamba.

Malume: Nde kwathu kuno ndi Kazungula? Timange wa zipilala ngati wakale uja, ndalama yotsala tikonzere msewu wopita kuchipatala

Injiniya wathu: Malume mwaiwala Freddy mu 2023? Pamwamba pa mlatho uja panalibe vuto, madzi anakumba mchenga pansi pa chipilala chapakati, mitengo inakodwa pomwepo basi chinapendeka. Tikabwezeretsa chipilala pomwepo mtsinje ubwerezanso.

Achimwene a ku London: Ine bokosi ndikugwirizana nalo koma musaliyamikire kwambiri. Kuno mlatho wa msewu wotchedwa Hammersmith Flyover anautseka December 2011 atapeza kuti mawaya amkati adyeka ndi dzimbiri, madzi a mchere omwe amathira mumsewu nthawi yozizira ankalowa, panja umaoneka bwinobwino anthu akudutsa osadziwa kanthu

Amayi a ku Joni: Kwathu mchere timathira m'ndiwo osati mumsewu

Injiniya wathu: Kkkk zoona koma achimwene akunena mfundo. Akakoka mawaya amayenera kupopera grout, phala la simenti lamadzimadzi, m'mapaipi aja mpaka adzaze, pakatsala mpata madzi amakhazikika momwemo ndipo palibe angaone ndi maso. Apa ndi pamene kontrakitala waulesi amathamangira. China konkire yofinyidwa imafupika pang'onopang'ono zaka zikamapita, mawaya amakhwefuka, pakati pamayamba kutsika. Ku Palau, dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific, mlatho wa bokosi wodumpha mamita pafupifupi 240 unatsika kupitirira mita imodzi, unagwa 1996 atangoukonza kumene. Wathuwu ndi waung'ono sungafike pamenepo koma tifunse ngati anawerengera.

Malume: Hmm. Nanga mkati mwa mphakomo adzalowamo ndani kukayang'ana? Mudzakhala mileme ndi anyamata osuta chamba

Injiniya wathu: Pamakhala chitseko chokhoma malume, ndi timabowo pansi totulutsa madzi. Loweruka tifunse kuti kiyi asunga ndani, kuyendera kudzachitika kangati, ndipo tsiku lopopera grout pakhale munthu wathu.

Malume: Ndidzapita ndekha ndi mpando wanga. Koma za msewu wakuchipatala sindinasiye

Msungichuma: Thiransipoti ya Loweruka atumiza anthu anayi okha, enanu Airtel Money ikugwira ntchito chonde