Kodi chikondi cha chipani chimafika pa voti ya phungu?

Nachisale: Ndikaganizira za chisankho cha pa 16 September 2025, chomwe chinali ndi madera a aphungu 229, ndili ndi funso lomwe landizunguza kwa nthawi yaitali. Mabungwe monga Afrobarometer ndi IPOR akamafunsa anthu za chipani chomwe amachikonda, mayina omwe amamveka kwambiri ndi a MCP, DPP, UTM ndi UDF. Komabe mu 2019, pa mipando 193 ya m'Nyumba ya Malamulo, oima paokha anatenga 55, chimodzimodzi ndi MCP, pamene DPP inapeza 62. Kodi anthu amanamiza ochita kafukufuku?

Bambo Gondwe: Mayi Nachisale, anthu sanama ayi. Ambiri mwa oima paokhawo amakhala ana a chipani omwe anagwa pa zisankho zachipulula, kapena omwe anapambana koma akuluakulu a chipani n'kuikapo munthu wina amene anthu a m'deralo sakumufuna. Zikatero, wovota amachonga mtsogoleri wa chipani chake pa pepala la pulezidenti, koma pa pepala la phungu amachonga yemwe akuona kuti anaberedwa. Taonani za UTM m'chaka chomwecho: malemu Saulos Chilima anapeza mavoti oposa 1 miliyoni pa chisankho cha pulezidenti chomwe khoti linadzachithetsa mu February 2020, pamene chipani chawo chinangopeza aphungu 4. Kafukufuku wofunsa za chipani yekha sangatiuze maonekedwe a Nyumba ya Malamulo.

Mayi Chisale: Ndikugwirizana nanu, Bambo Gondwe, koma nkhaniyi siithera pa zisankho zachipulula. Kumudzi kuno phungu samuyesa ndi mfundo za chipani chake kapena ndi malamulo omwe wathandiza kukhazikitsa. Amamuyesa ndi mjigo, mlatho, galimoto yonyamula odwala, ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), komanso ngati amaoneka pa maliro. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ntchito yeniyeni ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito misonkho yathu, koma sindingawadzudzule anthu omwe akumwa madzi a pachitsime chosatetezedwa chifukwa chosankha munthu yemwe wawakumbira mjigo. Kumbukiraninso kuti gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995, choncho tsiku lovota ndi mpata wokhawo womwe anthu ali nawo womulanga.

Nachisale: Zikomo nonse. Chomwe chikundidetsabe nkhawa n'chakuti oima paokha ambiri akangopambana amathamangira kumbali ya boma, ndipo ngakhale gawo 65, loletsa aphungu a zipani kusintha mbali, siligwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Ndikanakonda ofuna uphungu paokha akanamanena poyera pa misonkhano yawo yokopa anthu mbali yomwe adzakhale akadzalowa m'nyumbayo, tisanawavotere.