Yisiti ikukana kukhazikika pa zitsononkho: ndikulakwitsa pati?

Wophunzira wa ku Braamfontein:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikuchita kafukufuku wopanga ethanol (mowa weniweni) kuchokera ku molasesi (madzi okhuthala otsala popanga shuga), ndipo cholinga changa n'choti yisiti ya Saccharomyces cerevisiae imatirire pa zotsalira za m'munda, kuti ndikatsanula mowa umene wawira ndisataye yisitiyo koma ndingothirapo molasesi wina. Timibulu ta alginate (phala lochokera ku ndere za m'nyanja) timene ambiri amasungiramo yisiti n'todula, komanso timasweka mpweya wa carbon dioxide ukachuluka m'kati mwake, n'chifukwa chake ndinasankha zitsononkho, zimene alimi a chimanga a ku Free State kuno ku South Africa ali nazo zambirimbiri. Ndinazidula tizidutswa ta sentimita imodzi, ndinaziphika mu pressure cooker kwa mphindi 15, kenako ndinaziviika mu yisiti usiku umodzi. Ulendo woyamba zinawira bwino, koma pofika ulendo wachitatu thovu linachepa ndipo fungo linali lowawasa.

Mayi wa ku Dwangwa:
Achimwene, kuviika usiku umodzi sikukwanira, chifukwa yisitiyo imangokhala pamwamba ngati fumbi ndipo imakokoloka mukangotsanula. Chitsononkho chili ndi lignin (chinthu cholimbitsa zomera) amene amatseka timibowo take, choncho yambani mwachiviika mu soda wa sodium hydroxide wosungunula ndi madzi ambiri kuti timibowoto titseguke. Mukatero tsukani mobwerezabwereza, pakuti yisiti imafuna pH (muyeso wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka) yapakati pa 4 ndi 5, ndipo sodayo akatsalira amaifooketsa. Chachikulu n'chakuti yisiti iberekane m'kati mwenimwenimo: ikani tizidutswato m'madzi a shuga wochepa kwa masiku awiri, mukugwedeza pang'onopang'ono. Mukathyola kachidutswa kamodzi, muyenera kuona m'kati muli tuu, ngati mwapakidwa phala la ufa woyera.

Kwathu akhala akupanga ethanol kuchokera ku molasesi kuyambira 1982, ndipo ena angakuuzeni kuti makoko a nzimbe zofinyidwa ndiwo abwino, koma makokowo fakitale imasonkhezera moto. Pa zitsononkho mwasankha bwino.

Bambo wa ku Kempton Park:
Mayi afotokoza zoona, komabe fungo lowawasalo likundikayikitsa. Ndikuganiza kuti mwalowa mabakiteriya a Lactobacillus, amene amadya shuga yemweyo n'kutulutsa asidi m'malo mwa mowa, ndipo timibowo tosunga yisitito nawonso amabisalamo. Agogo anga ankakonda kufulula mowa m'mbiya yakale chifukwa inkawiritsa msanga, koma mbiya yomweyo ikangosasitsa mowa kamodzi, ankaiwamba pamoto asanaigwiritsenso ntchito.

Musaiwale kuti Johannesburg, kumene kuli Braamfontein, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, moti madzi amawira pa madigiri 94 okha. Pressure cooker ya kukhitchini kuno siifika madigiri 121 ofunika popha tizilombo, choncho onjezerani nthawi kapena pemphani autoclave (makina a mu labu ophera tizilombo ndi nthunzi), ndipo molasesiyo muphikenso. M'miyezi ya June ndi July sungani botolo pa madigiri 30, chifukwa yisiti ikazizidwa imagwira ntchito mwaulesi.

Wophunzira wa ku Braamfontein:
Zikomo kwambiri mayi ndi bambo. Molasesi sindinkaphika n'komwe, ndiye pamenepo ndinaphonya ndithu. Ndayesa madzi a ulendo wachitatu ndipo pH yatsika mpaka 3.4. Ndiyambiranso ndi mabotolo awiri, lina la zitsononkho zoviika mu soda, lina la zosaviika, ndipo ulendo uliwonse ndidzadontheza utoto wa methylene blue kuti ndione maselo akufa, amene amasanduka obiriwira ngati thambo. Popeza galamu imodzi ya shuga wa glucose singapereke ethanol woposa magalamu 0.51, ndidzayerekeza zotsatira zanga ndi malire amenewo. Mayi, kodi sodayo ndiviike wozizira kapena wofunda?