Ntchito za "remote" zikundikana ndikangonena kuti ndili paulendo

Womasulira: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Chaka chino ndikufuna kuyenda m'mayiko angapo kwinaku ndikugwira ntchito yanga yomasulira zikalata. Ndikafunsira ntchito zolembedwa kuti "remote", zonse zimayenda bwino, koma ndikangowauza kuti sindikhala malo amodzi, basi zii. Vuto lili pati?

Wolemba mapulogalamu: Achemwali, vuto si inu ayi. Makampani ambiri akamati "remote" amatanthauza kuti simuzibwera ku ofesi, koma muzikhala m'dziko limene iwo analembetsa. Akakulembani ntchito ya pamwezi, ayenera kudula msonkho komanso kutsatira malamulo a ntchito a dziko lomwe mukukhala. Ndiye munthu amene mwezi uno ali ku Kenya, mwezi wamawa ku Portugal, akauntanti wawo amuika pati? Ngakhale makampani ngati Deel, omwe amalemba anthu ntchito m'malo mwa makampani ena, amafuna dziko limodzi lodziwika. Za pamwezizo zisiyeni. Sakani za kontirakiti, zoti inuyo muzitumiza invoice (kalata yoitanitsa malipiro) ntchito ikatha, ndipo msonkho muzilongosola nokha.

Wojambula: Zoona zimenezo. Komanso powalembera musayambe ndi nkhani ya ulendo. Kasitomala sasamala kuti mukugona kuti, chomwe akufuna n'kudziwa nthawi imene angakupezeni. Ine ndimangolemba kuti ndimapezeka kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, nthawi ya UTC (nthawi imene mayiko onse amayerekezerapo maola awo), ndipo maola amenewo sindiwasintha kulikonse kumene ndili. Akafunsa komwe muli, nenani zoona.

Womasulira: Nanga viza? Ndimaganiza zongolowa ngati mlendo wodzaona malo.

Wolemba mapulogalamu: Apo samalani. Viza ya alendo m'mayiko ambiri silola kugwira ntchito, ndipo m'mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi ya alendo) simungapitirire masiku 90 pa masiku 180 alionse. Alipo mayiko okhala ndi viza ya anthu ngati ife. Estonia inayamba mu 2020, Mauritius nayo inatulutsa Premium Visa chaka chomwecho, ya chaka chathunthu, ndipo Namibia inatsatira mu 2022 ndi ya miyezi 6. Onsewa amafuna umboni wakuti ndalama zanu zimachokera kunja, ndiye pezani makasitomala musananyamuke, osati mutafika. Kumbukiraninso kuti m'mayiko ambiri mukafika masiku 183 pa chaka, amayamba kukuonani ngati wokhoma msonkho wawo.

Wojambula: China chimene anthu amaiwala ndi simu. Ngati Upwork (webusaiti yopezerapo ntchito), Payoneer (yolandirirapo ndalama) kapena banki yanu imatumiza nambala yachinsinsi pa SMS, mukasintha simu mwadzitsekera kunja nokha, ndalama zili mkatimo. Musananyamuke, pamene n'kotheka sinthirani ku pulogalamu yopereka nambala zachinsinsi popanda SMS, ngati Google Authenticator, ndipo simu yakaleyo isafe.

Womasulira: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi makasitomala anga akale, ndiwafunse ngati tingagwirizane za kontirakiti. Za Mauritius zija, amafuna mapepala a kubanki a miyezi ingati? Alipo amene anafunsirapo?